KUTALIKITSA TEBULO LA MAKINA OCEKA MATABWA

Nkhani ya lero iri ya amisiri a matabwa, makamaka iwo amene ali ndi makina oceka matabwa, aja a tebulo la citsulo ndi maceka ozungulira oturukira pakati pace. Alipo anthu ena amene anagwira nchito ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga kapena ku Luanshya, amene pakulandira ndarama zao zopumira agula makina otere akale kuti azipeza cakudya ndi ukalipentala. Makina akalewo ali olimba ndithu, ndipo ena akalamba koposa eni ace. Koma kawiri kawiri ali ndi cilema cimodzi: tebulo lace liri laling'ono.

Cifukwa ninji tebulo licepa?

Pa makina otere pali citsulo cowongoka cimene thabwa litsamira poyenda kunka ku maceka. Amisiri acicha fensi. Fensiyo iyenda pa njanji ziwiri, ina kutsogolo kwa tebulo, ina kumbuyo, ndipo pa makina ambiri njanjizo ziri macubu a citsulo. Pamene njanji zathera, pomwepo fensi yaima. Makina ambiri akale salola fensi kutalikirana ndi maceka kupitirira mainci 24 kapena 25.

Kale zimenezi sizinabvute, pakuti mmisiri anali kuceka mlombwa, umene ena aucha mukwa, kapena mukusi wa ku Mulobezi, ndipo matabwa otere sali otambalala kwambiri. Masiku ano makabati ndi mashelefu ambiri apangidwa ndi pulaiwudi ndi matabwa ena a m'fakitale, amene agulitsidwa pa muyeso wa mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, ndiwo mapazi 8 ndi mapazi 4. Wofuna kudula thabwa lotere pakati peni peni pa utali wace asowa danga la mamilimita 1220 pakati pa maceka ndi fensi. Cifukwa cace amisiri afuna njanji zopatsa danga la mainci 50, ndiwo mamilimita 1270.

Njanji za kwa opanga makina sizipezeka msanga, pakuti makina ena analeka kupangidwa kale. Tsono mmisiri ayenera kufuna citsulo cina colowa m'malo mwace, ndipo apa ndi pamene ambiri aphunthwa.

Fanizo la mmisiri wofulumira

Nali fanizo. Munthu wina, atapuma nchito ya pansi pa mgodi, anagula makina otere. Tsiku lina analandira nchito ya makabati khumi, ndipo mwini nchitoyo anamgulira matabwa onse. Poona kuti fensi siifika pamene afuna, mmisiriyo anapita ku malo ogulitsa zitsulo zakutha, nagula paipi ya madzi ya inci imodzi, cifukwa pa maso inafanana ndi njanji yace yakale. Anaiboola, naimanga tsiku lomwelo.

M'mawa mwace anayamba kuceka. Thabwa loyamba linaturuka ndi m'mbali mwace mwakupsa. Laciwiri linapanikizika pakati pa maceka ndi fensi. Mano a kumbuyo analinyamula nalibweza ndi mphamvu, ndipo linamgunda pamimba. Anagona masiku angapo, matabwa awiri a mwini wace ataonongeka.

Mkulu wina amene anali fitala pa mgodi anadza kudzamzonda. Atayang'ana makinawo anagwedeza fensi ndi dzanja limodzi, nati, "Bambo, kodi paipi iyi munaiyesa musanaigule?" Mmisiri anayankha, "Iai, akulu, ndinaona ndi maso cabe kuti zilingana." Mkuluyo anati, "Maso sayesa citsulo. Yamikani kuti zala zanu zonse khumi zikalipo." Akale ananena zoona kuti safunsa anadya phula.

Paipi si cubu

Colakwa ca mmisiri uja cinali ici: sanadziwe kuti paipi ndi cubu zichulidwa mosiyana. Cubu cichulidwa ndi ukulu wace wa kunja; cubu ca mamilimita 35 ciri mamilimita 35 kunja kwace. Koma paipi ya madzi iri ndi dzina lotsala la makedzana. Kale anali kuichula ndi ukulu wa m'kati, pamene khoma lace linali locindikala. Pambuyo pace opanga anacepetsa khomalo, koma ukulu wa kunja anausunga kuti mazinga a zolumikizira azilowanabe. Motero dzina linatsala, koma silinenanso muyeso weni weni.

Nayi miyeso ya kunja ya mapaipi a madzi a citsulo monga mwa muyeso wa ku Britain: ya theka la inci iri mamilimita 21.3, ya magawo atatu a magawo anai a inci iri 26.9, ya inci imodzi iri 33.7, ya inci ndi kota iri 42.4, ya inci ndi theka iri 48.3, ndiwo ukulu womwewo wa zitsulo zimene omanga nyumba zosanja akwerapo. Macubu opitamo mawaya a magetsi ali ndi miyeso yaonso: mamilimita 20, 25 ndi 32.

Tsono inci imodzi iri mamilimita 25.4, monga anapangana maiko olankhula Cingelezi m'caka ca 1959. Makina ochuka a ku America ochedwa Unisaw, amene kampani ya Delta inayamba kupanga m'caka ca 1939, anali kudza ndi njanji zobulungira za inci imodzi ndi magawo atatu a magawo asanu ndi atatu, ndiwo mamilimita 34.9. Paipi ya inci imodzi icepa pa muyeso umenewu ndi milimita 1.2. Wina anganene kuti ndi kanthu kakang'ono. Koma ngati mutu wa fensi ugwira njanji pa utali wa mamilimita 150, ndipo fensi yeni yeniyo iri mamilimita 700, kugwedera kwa milimita 1.2 pa mutu kusanduka mamilimita 5 kapena kuposa ku nsonga ya fensi. Nsongayo ikapendekera ku maceka, thabwa lipanikizika. Maceka a mamilimita 250 ozungulira ka 4,000 pa mphindi imodzi ayendetsa mano ace pa liwiro la pafupi fupi makilomita 190 pa ora. Palibe munthu angalewe thabwa loponyedwa ndi liwiro lotere.

Kuyesa njanji yakale

Cinthu coyamba ndico kuyesa. Mmisiri amene ali ndi coyesera cija amafitala acicha vernier ayese njanji pa malo atatu kapena anai, makamaka ku nsonga kumene fensi siinadyeko, pakuti pakati pamakhala poperepeseka.

Wopanda vernier asataye mtima. Adule kapepala kowongoka, akakulunge mothina kuzinga njanji, alembe ndi pensulo yakuthwa pamene kakomana, ndipo akatambasule nakayese pa rula. Cimene wapeza acigawe ndi 3.14. Njanji ya mamilimita 34.9 ipatsa kapepala ka mamilimita pafupi fupi 110, koma paipi ya inci imodzi ipatsa 106. Kusiyana kumene maso sanakuone kwasanduka mamilimita 4 amene mwana wa sukulu angawerenge.

Koma njira yoposa zonse ndiyo kunyamula mutu wa fensi ndi kupita nao kumene agulitsa zitsulo. Mutuwo ulowetsedwe pa cubu, uyendetsedwe, ndipo umangidwe. Ukayenda bwino pomasula, nugwira nganganga pomanga, cubu cimeneco ndico cace. Pa njanji ya mamilimita 34.9, cubu ca citsulo ca mamilimita 35 cisiyana nayo mocepera pa kucindikala kwa pepala, ndipo kawiri kawiri cilowa, pena atangocipala pang'ono ndi sandipepa.

Citsulo coyenera ndi cosayenera

Ukulu wa kunja ukalingana, mmisiri ayang'ane khoma. Cubu ca khoma la milimita 1.6, conga cimene apangira mipando, cifwanyika pamene fensi icipana tsiku ndi tsiku. Khoma la mamilimita 3 liri bwino. Cubu cobulungira ca mamilimita 35 ca khoma lotere cilemera pafupi fupi makilogramu 2.4 pa mita imodzi. Cikapepuka kwambiri m'manja, khoma lace liri lopyapyala.

Anthu a ku migodi akonda mkuwa, ndipo nzoona kuti mapaipi a mkuwa a mamilimita 35 alipo. Mutu wa fensi ungalowe bwino pamenepo, koma mkuwa uli wofewa, khoma lace liri lopyapyala, ndipo utiwanizika msanga. Aluminiyamu nayenso, pa ukulu wofanana, apindika katatu kuposa citsulo. Citsulo wamba cofewa cikwanira. Palibe cifukwa cotayira ndarama pa citsulo colimbitsidwa, pakuti pa kulemera kwa fensi ndi thabwa zonse ziwiri ziwerama mofanana.

Macubu ambiri apangidwa ndi kupinda citsulo cophwathalala ndi kuocherera msoko. Msokowo ukaturukira kunja, fensi ikodwa pamenepo. Pomanga, msoko uloze ku tebulo kumene fensi siikhudza. Alipo macubu ena okokedwa pa makina atapangidwa kale, amene ali osalala ndi a muyeso wokhulupirika. Mtengo wace uli wokwera, koma wowapeza wapeza cinthu cabwino. Paipi ya galavanaizi iri ndi khungu la zinki lokhakhala, losalingana ponse ponse, ndipo utsi wace poocherera udwalitsa munthu malungo ndi cifuwa.

Cubu ciyenera kukhala cowongoka. Wogula acigubuduze pa simenti yosalala. Cokhota cidumpha dumpha. Kapena akoke cingwe copyapyala kucokera nsonga kufikira nsonga, nayang'ane ngati pali danga pakati. Cubu cokhota asacigule ndi maganizo akuti adzaciwongola ndi nyundo.

Pali mau awiri a kwa iwo ofuna zitsulo zakutha. Loyamba: mapaipi ena a ku migodi anapitamo asidi ndi mankhwala ena, ndipo ngakhale kunja aoneka bwino, m'kati adyeka. Laciwiri: citsulo ca mgodi, cingakhale cagona pa udzu zaka zambiri, ciri ndi mwini wace. Woturuka naco pa cipata wopanda kalata ya cilolezo angataye nchito ndi kulowa m'ndende cifukwa ca mamita awiri a paipi. Agule poyera, nasunge lisiti.

Utali wofunika

Ogulitsa zitsulo zatsopano agulitsa macubu a mamita 6. Mmisiri awerenge motere: kucokera ku mbali ya kumanzere ya tebulo kufikira pa maceka, kuonjezapo danga limene afuna, kuonjezaponso malo a mutu wa fensi. Mwa citsanzo, 500 ndi 1270 ndi 300 apanga mamilimita 2070. Njanji ziwiri za mamita 2.1 zitenga mamita 4.2, ndipo cotsala ca mamita 1.8 cikwanira miyendo iwiri ya tebulo latsopano, ngati makina ali a msinkhu wa mamilimita 860.

Miyendoyo isaiwalike. Citsulo cikatalika kawiri, ciwerama kasanu ndi katatu pansi pa katundu yemweyo. Ndiponso thabwa lolemera likakhala ku nsonga ya njanji zopanda miyendo, makina onse angapendekeke ali kuzungulira.

Wosapeza cubu cacitali angathe kulumikiza cidutswa ku njanji yakale, ngati ukulu wa kunja ulingana. Apite kwa mmisiri wa makina osema zitsulo kuti amsemere citsulo cobulungira colowa mothina m'kati mwa macubu onse awiri, ngati mamilimita 150 uku ndi 150 uko, ndipo acimange ndi tizibauti ca pansi. Kuocherera polumikizira sikuli bwino, cifukwa moto ukoka citsulo ndi kucikhotetsa. Ndipo alipo makina ena amene njanji zace zingasunthidwe cabe kunka ku dzanja lamanja ndi kuboola ziboo zatsopano. Mmisiri ataya danga la kumanzere limene saligwiritsa nchito kawiri kawiri, napindula la kumanja wosagula kanthu.

Njira yina: cubu ca ngondya zinai

Ngati cubu cobulungira coyenera casoweka konse, njira yina iripo. M'zaka za m'ma 1970, Bill Biesemeyer wa ku Arizona anapanga fensi yooneka ngati sikweya ya ojambula mapulani, yogwira njanji imodzi yokha ya kutsogolo. Njanjiyo, pa fensi zace zazikuru, iri cubu ca ngondya zinai ca mainci 2 ndi mainci 3, cokhala pa citsulo ca ngondya comangidwa ku tebulo. Mapangidwe amenewa anawanda pa dziko lonse, ndipo opanga ambiri awatsata.

Cubu ca mamilimita 50 ndi 75 kapena 76, ca khoma la mamilimita 3, cipezeka mosabvuta kwa ogulitsa zitsulo za mageti ndi madenga, ndipo cilemera pafupi fupi makilogramu 5.5 pa mita. Pamenepo fensi yakale siigwiranso nchito. Mmisiri wa kuocherera ayenera kupanga mutu watsopano wokhala ndi tizibauti tiwiri towongolera fensi. Ubwino wace ndi wakuti pa fensi yotere ukulu weni weni wa cubu subvuta, pakuti mutu upangidwa molingana ndi cubu cimene cilipo. Cofunika ndi kuwongoka basi.

Kuboola ndi kumanga

Asanakhudze kanthu, mmisiri azule pulagi ya magetsi. Njanji yakale ikhale citsanzo: aipane pamodzi ndi yatsopano, nalembe ziboo molingana, zonse pa mzere umodzi. Pa njanji zobulungira zambiri ciboo ca kunja ciri cacikuru kuti mutu wa bauti ulowe m'kati ndi kugwira khoma la ku tebulo lokha. Potero fensi ipita pamwamba pace yosakodwa. Tizitsulo tokhala pakati pa njanji ndi tebulo tisungidwe bwino, ndipo tatsopano tilingane nato.

Mabauti akale asatayidwe. Makina akale a ku England, monga a Wadkin ya ku Leicester imene inayamba m'caka ca 1897, ali ndi mazinga a Whitworth, amene Joseph Whitworth anawakhazikitsa m'caka ca 1841. Makina a ku America ali ndi mazinga aoao a mainci, ndipo mabauti a m'masitolo a lero ambiri ali a mamilimita. Bauti lacilendo lilowa kawiri kapena katatu, kenaka liuma. Wolikakamiza ndi sipanala aononga mazinga a m'tebulo, kapena kung'amba citsulo cace, pakuti citsulo cosungunula ca matebulo otere sicipindika, cisweka.

Njanji ikhale pa msinkhu umodzi pansi pa nkhope ya tebulo kucokera uku kufikira uko. Kathabwa kakang'ono kodulidwa pa muyeso kathandiza kuyesa pa bauti liri lonse. Njanji ya kumbuyo isatseke ngalande za pa tebulo zimene coyendetsera thabwa copingasa ciyendamo. Tebulo latsopano, la pulaiwudi wocindikala pa mafelemu a mtengo wouma, lilingane ndi tebulo la citsulo kapena litsikeko pang'ono ngati kucindikala kwa pepala. Lisakwere pamwamba pace konse.

Kuyesa kotsiriza

Tsopano yafika nchito imene isunga zala. Mmisiri alembe dzino limodzi la maceka ndi coko. Ayese kucokera pa dzinolo kufikira ku fensi liri kutsogolo. Azungulize maceka ndi dzanja kuti dzino lomwelo lifike kumbuyo, nayesenso. Miyeso iwiriyo ilingane. Ikasiyana, danga la kumbuyo ndilo likule, ndipo kukula kwace kusapitirire kucindikala kwa pepala limodzi kapena awiri. Danga la kumbuyo likacepa, ngozi ya mmisiri uja yabweranso.

Ayese motere fensi iri pafupi ndi maceka, iri pakati, ndiponso iri ku nsonga ya njanji yatsopano, pogwiritsa ndodo yowongoka pamene rula siifika. Fensi ikakhala bwino pafupi koma nipendekera kutali, njanji yakhota kapena yamangidwa mopotoka. Tizidutswa ta citini toikidwa kuseri kwa bauti tiikonza.

Cubu catsopano ciribe manambala, ndipo ciribe mano aja a pansi amene njanji zina zakale ziri nao osunthira fensi pang'ono pang'ono. Tepi yomata ingaikidwe pamwamba, koma mmisiri wanzeru ayesabe ndi rula kucokera ku dzino la maceka asanadule thabwa la mwini wace. Ayambe ndi cidutswa copanda nchito.

Pa nyengo ya mvula, kuyambira November kufikira April, citsulo cosapakidwa penti cicita dzimbiri msanga. Pamene fensi iyenda apakepo phula la kandulo kapena polishi wopanda mtundu. Girizi ndi oilo zikoka utuci ndi kudetsa matabwa, ndiponso ziterereza fensi pamene iyenera kugwira.

Mau otsiriza

Tebulo lalikuru liitana matabwa akuru, ndipo matabwa akuru afuna anthu awiri. Wothandiza aime kumbuyo kwa makina ndi kungolandira thabwa, asalikoke. Citsulo cija coima kuseri kwa maceka, coletsa thabwa kutsekera mano, cisacotsedwe, ndi cophimba maceka comwe. Woceka asaime pa mzere wa maceka, asabvale magolovesi kapena malaya a manja olendewera, ndipo pa thabwa lopapatiza akankhe ndi kamtengo, osati ndi zala. Ana asasewere kuseri kwa woceka, kumene thabwa lobwerera lipita.

Mmisiri wa m'fanizo uja atacira anabwerera kwa ogulitsa zitsulo, mutu wa fensi uli m'thumba, ndipo anayesa macubu asanu asanapeze cace. Anataya tsiku lathunthu pa kuboola ndi kuyesa, mkulu uja ali pambali pace. Makabati khumi anatha mocedwa ndi sabata imodzi, ndipo mtengo wa matabwa awiri aja unacotsedwa pa malipiro ace. Koma zitseko zonse zinatseka bwino, ndipo mwini nchito anabweranso ndi nchito yina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsalani bwino nonse, ndipo nchito ya manja anu ikudyetseni.